Nyumba Yapita, Ngongole Ikadali M'njira

Msewu wochoka pa boma la Salima kupita ku Senga Bay ndi wa makilomita pafupifupi 20 okha, koma munthu wofuna malo sauyenda msanga. Amaimaima. Apa pali mpanda wa njerwa wopanda nyumba mkati, apo nyumba ya malata yomwe mwini wake anasamukira ku Lilongwe, patsogolo pang'ono chikwangwani cha penti cholengeza kuti malowa akugulitsidwa. Mukangotsika pa kabaza, dobadoba watulukira kale, ndipo akudziwa nyumba zina zitatu zomwe zilibe chikwangwani.

Ofuna nyumba kuno ndi ambiri, koma matumba awo ndi osiyana. Alipo aphunzitsi ndi anamwino, asilikali a ku MAFCO amene atsala pang'ono kupuma pantchito, ogwira ntchito m'malo ogona alendo, ndi amayi a geni ya usipa amene akhala akuika pang'onopang'ono ku banki mkhonde. Aliponso a ku Lilongwe, ulendo wa makilomita ngati 100 pa msewu wa M14, ofuna koteji yokapumulirako kumapeto kwa mlungu, komanso abale athu a ku Joni ndi ku Ulaya otumiza ndalama. Oyambawo amagula ndi ngongole ya kubanki. Achiwiriwo amabwera nazo m'manja. Nyumba imene onsewa akuisirira ndi imodzi yomweyo, ndipo mwini wake ali ndi mavuto amene sadikira.

Masiku 60 ndi ochepa

Tiyerekeze banja la mphunzitsi ndi namwino, anthu a mpingo, okhala m'nyumba ya lendi pa boma. Apeza nyumba ya zipinda zitatu cha ku Senga Bay, mtengo wake K40 miliyoni. Iwo asunga K10 miliyoni pa zaka zambiri, ndipo akufuna kuti banki iwabwereke K30 miliyoni. Poopa kuti wina angawalande, tsiku lomwelo akupereka dipoziti ya K8 miliyoni. Pepala lalembedwa pamanja, mboni ndi dobadoba ndi mlamu wa mwini nyumba. Agwirizana kuti zotsalazo zilipidwa pasanathe masiku 60.

Masabata awiri oyamba atha ndi kusonkhanitsa mapepala a iwo eni: mapeyisilipi, kalata ya kuntchito, masitetimenti a akaunti, ziphaso za unzika. Banki ifufuza mbiri yawo ya ngongole ku mabungwe osunga mbiriyo, ndipo pakutulukira kangongole ka njinga yamoto kamene bambo anaimira mphwawo zaka zitatu zapitazo, iye n'kusiya kubweza. Kakonzedwa, koma sabata ina yapita.

Kenako pakufunika katswiri wovomerezeka woti akawerengere mtengo weniweni wa nyumbayo. Nthawi zambiri amachokera ku Lilongwe, ndipo wolipira ndi wogula. Iye akalemba mtengo wotsika kuposa umene munagwirizana, banki imatsata wake, ndipo kusiyanako mukafune nokha.

Chimene chimapha mgwirizano chimabwera pamapeto, loya akapita kukafufuza m'kaundula wa malo. Lizi ya nyumbayo ili m'dzina la bambo a wogulitsa, amene anamwalira kalekale. Ana sanatenge ku khoti kalata yowapatsa mphamvu zoyendetsa chuma cha masiye, monga lifunira lamulo la chuma cha masiye la 2011, ndipo mmodzi mwa anawo ali ku Cape Town, sakudziwa n'komwe kuti nyumba ikugulitsidwa. Lendi ya malo imene mwini lizi amalipira ku boma chaka ndi chaka yaunjikana. Chilolezo cha Unduna wa za Malo chosinthira umwini sichinapemphedwe. Kalata ya ku MRA yotsimikiza kuti za msonkho zili bwino palibe. Chilichonse mwa izi chili ndi ofesi yake, mzere wake ndi mtengo wake, ndipo zina mwa izo sizitheka pa Salima pompano, zimafuna ulendo wa ku Lilongwe.

Masiku 60 akwana. Wogula akaimba kubanki akumva kuti fayilo ili kulikulu. Wogulitsa wawonjezera mwezi umodzi, mwaulemu. Mkati mwa mweziwo mwana wake waitanidwa kukoleji, ndipo Lachisanu lina kwafika galimoto yochokera ku Lilongwe, mwini wake wanena K46 miliyoni, theka lero, theka Lolemba. Za mapepala akuti adzathana nazo yekha pang'onopang'ono. Kalata ya banki yovomera ngongole ikufika patatha masabata atatu, nyumba ili kale ndi geti latsopano. Dipoziti ija inadyedwa kale, ndipo ikubwezedwa K500,000 lero, K300,000 mwezi wamawa.

Banja lotere likamafotokoza, mlandu wonse limaupereka kwa banki. Nthawi zina n'zoona, fayilo imagona pa tebulo popanda chifukwa, ndipo wogula ali ndi ufulu wofunsa mwa kalata kuti yafika pati. Akapanda kuthandizidwa akhoza kukadandaula ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki onse. Koma mukawerenga bwino masiku amene anatayika m'chitsanzo chathuchi, ambiri anatayikira pa mapepala a malo, amene akanafufuzidwa dipoziti isanatuluke m'thumba.

Wogulitsa si mfiti

N'kosavuta kumuda munthu amene wagulitsa kwa wina, koma tiyeni tiime pamene iye waima. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti. Pa 9 Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Munthu amene anagwirizana mtengo wa K40 miliyoni mu Seputembala chaka chimenecho ankayembekeza ndalama yokwana madola pafupifupi 33,900. Atadikira banki mpaka Disembala, K40 miliyoni yomweyo inali madola 23,500 okha. Kuti apeze zimene ankayembekeza pachiyambi, nyumbayo inayenera kupita pa K57 miliyoni ndi kanthu. Simenti, malata ndi fizi zinakwera limodzi ndi dolayo.

Ogulitsa nyumba anaphunzirapo. Paja akulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mukauza mwini nyumba lero kuti ndalama zikuchokera kubanki, iye amamva kuti mukumupempha akubwerekeni miyezi itatu kapena isanu ya moyo wake popanda chiwongoladzanja. Ena amakana pomwepo. Ena amavomera, koma foni ya dobadoba saithimitsa.

Kalata ya mfumu ndi mzere wa nyanja

Malo ambiri a m'mbali mwa nyanja ku Salima, kwa Maganga, kwa Pemba, kwa Ndindi mpaka ku Chipoka, ndi malo a makolo. Nyumba zambiri zokongola zimene mukuziona zaima pa kalata ya nyakwawa kapena ya gulupu, yodindidwa chidindo. Pamudzi kalata imeneyi ili ndi ulemu wake. Kubanki siigwira ntchito ngati chikole, chifukwa banki imafuna malo amene malire ake anayezedwa, mabikoni anazikidwa, ndipo dzina la mwini wake lili m'kaundula wa boma, kuti nayonso ilembetsepo dzina lake mpaka ngongole ithe.

Malamulo a malo a 2016, amene anasinthidwanso mu 2022, anatsegula njira yoti malo a makolo azilembetsedwa kudzera mu komiti ya malo ya m'dera la gulupu. Koma kulembetsa malo kapena kutenga lizi yatsopano si ntchito ya masiku 60, ndipo wogulitsa amene akuti mapepala ali m'njira nthawi zambiri amatanthauza kuti fomu inaperekedwa. Funso loyamba kwa mwini nyumba lisakhale la mtengo. Mufunseni kuti malowa ali pa pepala lanji, lili m'dzina la yani, ndipo mungalione lero. Ngati yankho lili kalata ya mfumu, dziwani kuti nyumba imeneyo si ya ngongole ya nyumba ya kubanki, ngakhale malipiro anu atakhala abwino chotani.

Ku nyanja kuli chinanso chimene a ku Area 25 sachidziwa. Mu 2024 nyanja ya Malawi inakwera kuposa mmene inachitira kwa zaka zambiri. Ku Senga Bay, monganso ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'makoteji, mipanda inagwa, mchenga umene alendo ankakhalapo unamira. Bungwe loyang'anira madzi la National Water Resources Authority linakumbutsa anthu kuti sayenera kumanga kunsi kwa mzere wa mamita 477 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere. Nyumba yogulidwa pa ngongole imayenera kukhala ndi inshulansi, choncho wowerengera mtengo ndi a inshulansi onse amayang'ana pamene madzi anafika. Nyumba imene inakukopani chifukwa mafunde akumveka kuchipinda ndi yomweyo imene fayilo yake ingaime. Musanapite kubanki, yang'anani m'munsi mwa khoma ngati muli mzere wa chinyezi wopakidwa penti yatsopano, ndipo funsani asodzi a pa dooko lapafupi kuti madzi analekezera pati chaka chija. Iwo sagulitsa nyumba, alibe chifukwa chokubisirani.

Mneneri amene anasunga makalata

Pa Sukulu ya Sabata timakonda kuwerenga Yeremiya 32 ngati phunziro la chiyembekezo, ndipo ndi loterodi. Yerusalemu anali atazingidwa ndi ankhondo a ku Babulo, mneneriyo ali m'ndende m'bwalo la alonda, pamene Mulungu anamuuza kuti agule munda wa Hanameli, mwana wa mbale wa bambo ake, ku Anatoti. Koma taonani mmene anagulira. Wogulitsayo anali m'bale wake weniweni, ndipo lamulo logula linachokera kwa Mulungu mwini. Komabe Yeremiya anayeza masekeli 17 a siliva pa sikelo, analemba kalata, anaitana mboni, ndipo makalata anali awiri, yomata ndi yosamata. Anawapereka kwa Baruki pamaso pa anthu kuti awasunge mu mbiya yadothi kuti akhale nthawi yaitali.

Ife kawirikawiri timachita mosiyana. Wogulitsa akakhala wa mpingo, timaona ngati kumutengera kwa loya n'kumunyoza. Timagwirana chanza pa khomo la tchalitchi, mkulu wa mpingo n'kupempherera mgwirizano, basi. Zikavuta, mabanja awiri amene ankadyera limodzi pa msonkhano wa misasa amayamba kukhala mbali zosiyana m'tchalitchi, ndipo abusa amapatsidwa mlandu wa malo umene sanaphunzire kuweruza. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Pepala lolembedwa bwino limateteza ubale, chifukwa tsiku lokhumudwa aliyense amadziwa chimene analonjeza.

Nanga pepalalo linene chiyani? Linene poyera kuti kugulaku kudalira ngongole ya kubanki, ndipo ngongoleyo ikakanidwa kapena ikachedwa pa chifukwa cha mapepala a malo, dipoziti ibwezedwa yonse pa tsiku lakuti. Ndalamayo isapite m'manja mwa wogulitsa kapena dobadoba. Isungidwe ndi loya amene ali ndi chiphaso chogwirira ntchito chaka chimenecho, zimene mungatsimikize ku Malawi Law Society. Nthawi ikhale yoona: ngati banki yakuuzani miyezi iwiri, lembani inayi, ndipo ngati wogulitsa akuopa kugwa kwa kwacha, ndi bwino kugwirizana lero kuti mtengo udzakwera ndi zingati pa mwezi uliwonse wowonjezera kusiyana n'kudzakangana mawa. Lilembenso ntchito za wogulitsa ndi masiku ake: kulipira lendi ya malo yotsalira, kupempha chilolezo ku Unduna, kutenga kalata ya MRA, kubweretsa siginecha za onse amene ali ndi gawo pa nyumbayo, kuphatikizapo mkazi kapena mwamuna wake. Pa malo olembetsedwa m'kaundula, loya angathenso kuika chiletso chotchedwa caution, choti umwini usasinthidwe inu osadziwa.

Ndipo kubanki pitaniko musanaione nyumba. Kafunseni kuti pa malipiro anu angakubwerekeni zingati, konzani ngongole zakale, tengani mndandanda wa zonse zimene adzafune, ndipo muwafunse za ndalama zapambali: za loya, za wowerengera mtengo, msonkho wa chidindo, inshulansi ya nyumba ndi ya moyo. Banja la m'chitsanzo chathu litapereka K8 miliyoni linatsala ndi K2 miliyoni yokha, imenenso inali gawo la mtengo wa nyumba. Za zolipira zinazi silinasiye kanthu.

Masamu amene sitikonda kuwerenga

Pali chinthu chimene banja lokhumudwa silifuna kumva, koma tichinene. Mu Febuluwale 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chimene mabanki amayendera kufika pa 26 peresenti, ndipo wobwereka wamba ankalipira choposa apo. Tiyerekeze 30 peresenti. Ngongole ya K30 miliyoni ya zaka 15 imafuna pafupifupi K759,000 mwezi uliwonse, ndipo pomaliza mudzakhala mutabweza K136 miliyoni ndi kanthu. Mukaifupikitsa kukhala ya zaka 10, mwezi uliwonse ndi K791,000, kusiyana kwa K32,000 yokha, koma zonse pamodzi ndi K95 miliyoni. Zaka zisanu zowonjezerazo zikudyerani K41 miliyoni, mtengo wa nyumba ina. Mphunzitsi ndi namwino akachotsa chakhumi, msonkho, fizi ndi chakudya, K759,000 ichokera kuti kwa miyezi 180? Mabanja ena amene analira nyumba itawapulumuka akanalira kwambiri itawagwera m'manja. N'chifukwa chake anthu ambiri kuno amagula puloti ndi ndalama zawo, n'kumanga chipinda ndi chipinda, kapena kubwereka pang'ono ku SACCO kuti afolere.

Msampha woipitsitsa umatchedwa sabata yomaliza, wogulitsa akanena kuti mukapanda kubweretsa kanthu pofika Lachisanu, nyumba ipita. Apa anthu amathamangira katapila, poganiza kuti ndi wa masabata awiri okha, banki ikatulutsa abweza. Banki ikachedwa mwezi wina, katapila waberekana, ndipo ngongole yatsopanoyo ikaonekera pa akaunti, ikhoza kuchititsa kuti ya nyumba ikanidwe kumene.

Kunyumba ndi m'thupi

Miyezi yodikira imalowa m'nyumba ngati mwera wa mu Julayi, wosasiya zenera lililonse. Ana anauzidwa kale kuti aliyense adzakhala ndi chipinda chake. Landilodi anapatsidwa notisi. Mayi akukumbukira kuti ananena kuti dipoziti isaperekedwe msanga, bambo akukumbukira kuti nyumbayo anaikonda ndi mayi. Foni ikangolira, mtima uli phaa.

Nkhawa ya miyezi imalanda tulo, ndipo kwa amene ali kale ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena shuga, imasokoneza zimene mankhwala ankagwira bwino. Kuthamanga kwa magazi nthawi zambiri sikupweteka, choncho musadikire mutu. Kayezetseni ku chipatala cha boma cha Salima kapena ku chipatala chaching'ono chapafupi, ndipo ngati manambala akubwerezabwereza kufika 140/90 kapena kuposa, onanani ndi dokotala. Musasiye mankhwala pofuna kusunga ndalama za loya. Yendani m'mawa dzuwa la Salima lisanayambe kuotcha, imwani madzi okwanira, ndipo gwirizanani monga banja kuti nkhani ya nyumba izikambidwa pa nthawi yake masana, osati pabedi. Ana auzeni zoona mwa msinkhu wawo. Amaona nkhope zanu, ndipo akapanda kuuzidwa amaganiza kuti olakwa ndi iwo.

Kwa ife osunga Sabata palinso kena. Ogula ndi ogulitsa ambiri a ku nyanja amabwera Loweruka, ndilo tsiku limene madobadoba amatanganidwa kwambiri. Wogulitsa akaimba Loweruka m'mawa inu osayankha, angaganize kuti mwabwerera m'mbuyo. Muuzeni tsiku loyamba lomwe kuti kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa litalowa simuchita malonda, ndipo tsiku lomaliza la mgwirizano lisagwere pa Lachisanu kapena pa Sabata. Anthu a kuno, kumene Asilamu ndi Akhristu akhala limodzi kwa mibadwo, amadziwa kulemekeza tsiku la mnzawo akauzidwa nthawi ilipo. Mukatero, maola 24 amenewo adzakhaladi opuma, foni ili m'kabati.

Ngati nyumba yapita kale

Yambani ndi dipoziti, mkwiyo usanakule. Khalani pansi ndi wogulitsa ndi mboni, lembani ndalama yotsala ndi masiku obwezera, onse asaine. Ngati ali wa mpingo, tsatani njira ya Mateyu 18, kuyamba awiri, kenako ndi mboni, koma chimene mwagwirizana chilembedwebe. Akakana, onanani ndi loya, kapena a Legal Aid Bureau ngati ndalama za loya mulibe. Sungani uthenga wa pa WhatsApp ndi malisiti onse a kubanki, Airtel Money kapena Mpamba.

Kenako bwererani kubanki, ngakhale mtima sukufuna. Theka la ntchito imene inachitika linali lofufuza inuyo, ndipo limenelo silinapite ndi nyumba. Funsani kuti kalata yovomera ngongole ikhala ndi mphamvu mpaka liti, ngati ingasamutsidwire pa nyumba ina, ndiponso ndi mapepala ati amene adzafunike atsopano. Mapeyisilipi ndi masitetimenti amakalamba msanga, choncho muzitenga atsopano mwezi uliwonse n'kuwaika mu fayilo imodzi. Dobadoba akadzaimbanso kuti kwapezeka ina cha ku Lifuwu, muuzeni atumize kaye chithunzi cha lizi, tsamba loyamba ndi la mapu, musanalipire kabaza wopita kukaiona.